Musanamangirire GPS pahandulo ya njinga yanu

Ana anga, inu amene mukudyera njinga yamoto, kaya muli pasiteji ya kabaza ku Area 25 kapena ku Ndirande, kaya mukuthamangitsa zakudya za anthu m'misewu ya Johannesburg ndi Cape Town, ndamva funso limene likuzungulira pakati panu masiku ano: kodi ndigule GPS yamtundu wanji? Tiyeni tikhale pansi tilione bwino funsoli, chifukwa ndalama ya panjinga imabwera ndi fumbi ndi thukuta, siyoti munthu n'kukaitaya pa chinthu chongonyezimira m'sitolo. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri n'china. Chipangizo chimene mukufuna kumangirira pahandulocho chizilimbirana maso anu ndi msewu tsiku lonse, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Choncho muyeso wanga ndi umodzi wokha: GPS yabwino panjinga yamoto ndi imene imakufikitsani kumene mukupita itakulandani maso kanthawi kochepetsetsa. Zonse zimene ndikuuzeni pano zikutsamira pamenepo.

Poyamba tilekanitse zinthu ziwiri zimene ogulitsa ena amazitchula ndi dzina limodzi. Pali GPS yolondolera njira, yokhala ndi sikirini ndi mapu, imene imakuuzani kuti khoterani kumanja kapena pitirirani. Palinso tracker, kabokosi kakang'ono kopanda sikirini kamene amakabisa pansi pa mpando kapena mkati mwa mapulasitiki a njinga. Mkati mwake mumakhala simu khadi, kuno kwathu ya Airtel kapena TNM, ndipo ntchito yake n'kuuza mwini njinga kumene njingayo ili. Ngati chikukusowetsani tulo ndi achifwamba amene amachita hayala usiku n'kukalanda njinga kumalo amdima, mukufunika tracker, ndipo musamaiwale kuthira mayunitsi m'simu khadi yakeyo, chifukwa akatha kabokosiko kamakhala chete pa tsiku lenileni limene mukukafuna. GPS yolondolera njira singakubwezereni njinga yobedwa. Imapita limodzi ndi wakubayo.

Tsono mumvetse mmene chinthuchi chimagwirira ntchito, kuti wogulitsa asakuphimbeni m'maso. GPS ndi gulu la masetilaiti a boma la America, pafupifupi 30, amene amazungulira dziko lapansi kawiri patsiku ali pamtunda wa makilomita 20,200 kuchokera pansi pano. Yoyamba adaiponya m'mlengalenga mu 1978 poganizira asilikali, ndipo kwa zaka zambiri ankasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya ndi mamita 100. Kusokonezako adakuthetsa mu May 2000, nthawi ya Bill Clinton, ndipo lero foni wamba, kumwamba kukakhala kosatchingika, imakulozani mosaphonya kupitirira mamita asanu kapena cha pomwepo. Setilaiti iliyonse imangoulutsa nthawi ndi malo amene ili. Chipangizo chanu chimamvetsera, ndipo chikamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo chimawerengera pamene mwaima. Sichitumiza kanthu kumwambako, sichilipira munthu, sichifuna netiweki. Russia ili ndi masetilaiti ake otchedwa GLONASS, mayiko a ku Ulaya ali ndi Galileo, China ili ndi BeiDou, ndipo chipangizo chomva magulu angapo chimapeza malo msanga ngakhale pakati pa nyumba zosanja za m'katikati mwa Johannesburg, kumene thambo limaoneka pang'ono. Munthu akakuuzani kuti muzilipira mwezi ndi mwezi kuti setilaiti ikuoneni, sungani ndalama yanu.

Chimene chimadya bandulo ndi mapu, ndipo pa mapu ndi pamene pagona nkhani. Setilaiti imangonena kuti muli apa. Kuti apapo ndi pa Mchesi, kuti kutsogoloku kuli mlatho, kuti msewu uwu magalimoto amayenda mbali imodzi yokha, zonsezo zimachokera m'mapu amene adalowetsedwa m'chipangizocho. Mbale wanu wa ku Britain akhoza kukutumizirani Garmin yokongola, koma ngati ili ndi mapu a ku Ulaya okha, ikafika pa Lunzu izingoonetsa kadontho pamalo oyera. Musanatulutse ndalama, uzani wogulitsayo ayatse, ndipo inu nokha mufufuzemo malo amene mumawadziwa ngati chikhatho chanu: Kawale, Chilomoni, Mbayani, msika wa kwanu kumudzi. Onani ngati tinjira ta m'makwalala timene mumadutsa tsiku ndi tsiku tilimo. Ngati akuonetsa M1 yekha ndi misewu ikuluikulu ya m'tauni, akukuuzani zimene ngakhale mwana wasukulu akudziwa kale.

Mapu a Google amadziwa bwino masitolo, matchalitchi, malo ogona ndi maofesi a m'mizinda, ndipo mukhoza kudawuniloda dera lanu lonse muli pa Wi-Fi kuti muziyenda nawo popanda bandulo. Kungoti mukakhala opanda intaneti sangakuuzeni kumene magalimoto athinana, ndipo amafunika kuwatsitsimutsa pakapita nthawi. Palinso mapu a OpenStreetMap, amene adayambika ku Britain mu 2004 ndipo amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka padziko lonse, kuphatikizapo achinyamata a m'mayunivesite athu. Mapulogalamu monga Organic Maps ndi OsmAnd amagwiritsa ntchito mapu amenewa. Mumadawuniloda Malawi yense kamodzi, basi, muziyenda ngakhale kumene netiweki sifika, ndipo m'madera ena akumudzi mudzapezamo tinjira timene m'mapu ena mulibe. Kwa iwo oyenda maulendo ataliatali m'misewu yafumbi, monga opita ku Nyika kapena odutsa m'malire kulowa Zambia ndi Mozambique, kuli mapu ogula a Tracks4Africa a ku South Africa, opangidwa kuchokera m'njira zimene apaulendo adadutsamodi. Wakabaza wa m'tauni amenewo asavutike nawo. Langizo langa n'lakuti m'foni mwanu mukhale mapu awiri, a Google ndi ena a OpenStreetMap, ndipo akatsutsana mudziwe kuti pamenepo m'pofunika kufunsa munthu.

Kumbukiraninso mmene anthu athu amalondolerana. Ndi makasitomala angati amene angakupatseni nambala ya nyumba ndi dzina la msewu? Ambiri amati mukadutsa chigayo mukhotere kumunsi, muona geti yobiriwira pafupi ndi mtengo wa mango. Amene ali ndi foni yamakono amangotumiza lokeshoni pa WhatsApp. Lokeshoni imeneyo imafikira m'foni, mumangoidina mapu n'kutseguka. Inu a ku Joni amene mumagwira ntchito ndi Uber Eats, Mr D kapena Checkers Sixty60, maoda anu onse amafikiranso m'foni momwemo. Ndiye kwa ambiri mwa inu funso lenileni lasintha kale: foni simungaithawe, chofunika n'kudziwa foni yake iti, muimangirira bwanji, ndipo muiteteza motani.

Sindikunyoza GPS zopangidwira njinga zamoto. Ndi zida zabwino kwambiri. Garmin zumo XT, imene idatuluka mu 2020, ili ndi sikirini ya mainchesi 5.5 yowala moti imaoneka ngakhale dzuwa lili paliwombo, ndipo mu 2023 kudabwera XT2 ya mainchesi 6. A TomTom nawo adapanga zawo zotchedwa Rider. Zimenezi zimamva chala ngakhale mwavala magolovesi, sizisamala kunjenjemera kwa injini, ndipo zambiri zili ndi chizindikiro cha IPX7, kutanthauza kuti zidayesedwa pomizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osawonongeka. Koma zumo XT idatuluka pamtengo wa madola pafupifupi 500, musanawonjezere zotumizira ndi msonkho. Kwa mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo amene amayendera midzi yakutali chaka chonse, bungwe lake n'kumugulira, ndi chida choyenera. Kwa munthu woyenda ulendo wa masiku ambiri kudutsa mayiko, n'choyeneranso. Koma kwa mnyamata amene madzulo aliwonse akuyenera kukapereka ndalama ya tsiku kwa abwana eni njinga, kenaka n'kugula ufa, ndikunena mosapita m'mbali kuti asagule. Ndipo GPS za m'galimoto zimene zimapezeka zakale pamsika, zomata pagalasi zija, zisakukopeni ndi kutchipa kwake. Sizidapangidwire mvula, batire lake limakhala lidatha kale, ndipo mapu ake nthawi zambiri ndi a dziko lina.

Masiku ano kwabweranso timasikirini ta panjinga totsika mtengo timene timaoneka ngati GPS koma mulibe mapu. Timangoonetsa zimene zili m'foni yanu kudzera pa Android Auto kapena CarPlay, foniyo ili m'thumba. Ganizo lake ndi labwino, chifukwa foni imakhala yobisika ku dzuwa, ku mvula ndi kwa akuba. Koma chenjerani apa: mafoni ambiri otchipa amene timagula kuno amayendera Android Go, ndipo Android Go sigwirizana ndi Android Auto. Lumikizani foni yanu yeniyeniyo m'sitolo momwemo muone ngati zikutheka, musanalipire.

Tsono tinene za foni pahandulo. Mdani wake woyamba, amene ambiri samuganizira, ndi kunjenjemera. Njinga zathu zambiri, ma Lifan, ma Boxer, ma TVS, ndi za silinda imodzi, ndipo injini yotere imagwedeza handulo mosalekeza. Onjezerani mabampu ndi maenje a m'misewu yathu. M'mafoni okwera mtengo, galasi la kamera silimangidwa nganganga, limalendewera pa tizitsulo tating'onoting'ono kuti chithunzi chisamagwedezeke munthu akamajambula. Kunjenjemera kwa njinga kumatopetsa tizitsulo timeneto mpaka kamera imayamba kuona zachimbuuzi osachiranso. Mu September 2021 kampani ya Apple yokha idachenjeza anthu kuti asamangirire iPhone panjinga za injini zamphamvu, ndipo kuti ngakhale pa tinjinga tating'ono aziikapo chochepetsa kunjenjemera. Ngati opanga foni akunena okha chomwecho, inu musayesere dala pa foni imene mudaisungira ndalama chaka chathunthu. Chimene ndingakulangizeni n'chakuti pahandulo pakhale foni yachiwiri, yotchipa, ngakhale yakale, bola GPS yake ikugwira ndipo sikirini ndi yowala. Foni imene muli Airtel Money, Mpamba, manambala a makasitomala ndi zithunzi za ana anu ikhale m'thumba lamkati la jekete. Wakuba wotsomphola foni pamaloboti akapeze foni yopanda kanthu, osati ndalama za mlungu wonse.

Chogwirira foni musachione ngati kanthu kongowonjezera. Pa zonse zimene mugule, ichi ndicho ndingakuuzeni kuti musaumire. Mayina odziwika ndi Quad Lock, RAM Mounts ndi SP Connect, koma ndi okwera mtengo ndipo achinyengo ofanana nawo ndi ambiri. Dzina lisakusokonezeni, yang'anani kapangidwe. Chikhale chachitsulo, chomangidwa ndi mabawuti pahandulo penipeni, chogwira foni mbali zonse zinayi, ndipo pakati pakhale mphira wochepetsa kugwedezeka. Zapulasitiki zopanira ndi sipuling'i zimalekerera foni pabampu loyamba lalikulu, ndipo choopsa si kusweka kwa foniyo ayi, ndi dzanja lanu limene lidzasiya handulo kuti liiwakhe. Mangiriraninso kachingwe kuchokera pa chikuto cha foni kupita pahandulo, kuti ikapulumuka ingolendewera. Mukamanga, khotetsani handulo mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri muone ngati sichikugunda thanki kapena kupana nthambo ya buleki ndi ya moto. Chisatchinge wotchi ya liwiro. Chikhale m'mwamba pang'ono, pamene diso lingathe kuba kamodzi osaweramitsa mutu. Foni yomangirira pansi pafupi ndi thanki imakuweramitsani, ndipo munthu woweramira pansi saona minibasi imene yaima mwadzidzidzi kutsogolo kwake.

Dzuwa nalo ndi nkhani. Opanga mafoni amati azigwira ntchito pamalo osatentha kupitirira madigiri 35, pamene ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwezi wa October kumatentha kupitirira 40, foni isanayambe n'komwe kudzitenthetsa yokha ndi mapu ndi chaja. Ikatentha kwambiri imadzichepetsera kuwala, kenaka imazima, ndipo batire limafufuma. Timatumba tapulasitiki totsekera foni ndi zipi timaiteteza ku mvula koma padzuwa timaiphika, komanso pulasitikiyo imanyezimira moti simuona kanthu mpaka mutayandikitsa nkhope. Tigwiritseni ntchito mvula ikamagwa pokha. Mukaima pasiteji kudikira makasitomala, chotsani foni muiike pamthunzi. Ndipo pogula, tulukani nayo panja masana muone ngati mapu akuwerengeka. M'sitolo sikirini iliyonse imaoneka bwino.

Za mvula ndinene mwachidule. Foni yolembedwa IP67 kapena IP68 imapirira madzi ikakhala yatsopano ndi yosang'aluka, koma madontho akamagwera pasikirini imayamba kudzidina yokha, ndipo madzi akalowa polowetsa chaja magetsi ali mkati, pamachita dzimbiri. Mvula ikayamba, zulani nthambo.

Magetsi ndi pamene anyamata ambiri amawonongera njinga zawo. Mapu ndi sikirini yowala zimatha batire la foni m'maola ochepa, choncho chaja ya panjinga ndi yofunika. Njinga imapereka mavoti 12, foni imafuna 5, ndiye pakati pamafunika kachipangizo ka USB kotsitsa mphamvuyo, kotha kupereka ma amp awiri kapena kuposerapo, kokhala ndi chivundikiro chotchinga madzi. Pamene pali ngozi ndi pa kalumikizidwe. Uzani makaniko aike fyuzi pafupi ndi batire, ndipo atenge magetsi pa waya amene amayaka pokhapokha kiyi atatembenuzidwa. Akalumikiza mwachindunji kubatire, kachipangizoko kamayamwa pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo mabatire a njinga zathu ndi aang'ono, m'mawa mudzayamba tsiku ndi kukankha. Makaniko wongopota mawaya n'kukulunga ndi tepi musamulole. Mawaya amenewo amadutsa pansi pa thanki ya petulo, pakati pa miyendo yanu. Ngati palibe wodziwa kulumikiza bwino, kuli bwino power bank m'chikwama.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene pali moyo wanu. Njinga ikamathamanga makilomita 50 pa ola, sekondi iliyonse imadutsa mamita pafupifupi 14. Mukayang'ana pasikirini masekondi awiri okha, mwayenda mamita 28 osaona kutsogolo. M'mamita amenewo mukhoza kulowa mwana wothamangira mpira, mbuzi, ngolo, dzenje, kapena chitseko cha galimoto chotsegulidwa mosayang'ana. Woyendetsa galimoto akalakwitsa chomwecho amaphwanya bampala. Inu mumaphwanya mwendo, ndi wa mayi amene mwawanyamula kumbuyo, amene adakukhulupirirani n'kukwera. Pitani mukaone m'zipinda za odwala mafupa ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central kuti ndi angati amene adafikamo chifukwa cha njinga zamoto. Ambiri ndi amsinkhu wanu, ena ali ndi ana aang'ono kunyumba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye GPS yanu izilankhula, inu muzimvera. Mapulogalamu onse amene ndatchula aja ali ndi mawu olondolera, ndipo pali timasipika ta Bluetooth tomata mkati mwa helimeti. Ngati mukugwiritsa ntchito zam'makutu wamba, valani khutu limodzi lokha, lina likhale lomva hutala ndi kulira kwa lole imene ikubwera kumbuyo. Nyimbo zimitsani. Mawuwo ndi a Chingerezi ndipo mayina a malo athu amawatchula mokhotakhota, koma chimene mukufunika kumva ndi mtunda ndi mbali: mamita 200, kumanzere. Posankha pulogalamu, sankhani imene imaonetsa muvi waukulu ndi nambala yaikulu, yoti kuphethira kumodzi mwaona. Mapu odzaza mitundu, timbendera ndi zotsatsa malonda ndi abwino pampando wa kunyumba. Kumene mukupita lembani njinga ili chiimire, yang'anani njira yonse kuyambira poyambira mpaka pothera, muisunge m'mutu, ndiye n'kuliza injini. Mukafuna kusintha kanthu m'njira, kapena kasitomala akaimba, patukani muime. Malamulo a pamsewu, kuno ngakhalenso ku South Africa, amaletsa kuyendetsa foni ili m'manja, ndipo ku Cape Town apolisi a mzinda amatha kukulandani foniyo. Koma ine sindikukuopsezani ndi apolisi. Ndikufuna mufike kunyumba ndi miyendo iwiri.

Palinso kanambala kena pasikirini kamene kamapha anthu mwakachetechete: nthawi yofikira. Pulogalamu ikati mufika m'mphindi 12, mtima wa mnyamata umafuna kufika m'mphindi 9. Inu operekera zakudya zimakuvutani koposa, chifukwa kasitomala akukuonerani pafoni yake ndipo oda ina ikudikira. Nambala imeneyo ndi kuyerekeza chabe kwa kompyuta, si mpikisano. Chakudya chikafika chitazizira pang'ono, chimatenthetsedwa.

Dziwaninso malire a nzeru za mapu. GPS ili ngati mlendo wophunzira kwambiri amene adawerenga zonse za mudzi wanu koma sadagonemo ngakhale usiku umodzi. Akudziwa kuti pali msewu, sakudziwa kuti dzulo mtsinje udadzaza. Namondwe Freddy atawomba m'mwezi wa March 2023, milatho ndi misewu ya ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera idakokoloka m'masiku ochepa, koma mapu amene anthu adadawuniloda kale ankaonetsabe njira zonse zili bwinobwino. Nyengo ya dzinja iliyonse zoterezi zimachitika penapake, makamaka m'mbali mwa nyanja ndi ku chigwa cha Shire. Mapu akati wolokani, koma madzi akuthamanga pamwamba pa mlatho, bwererani. Mapu saonetsanso bwino kutsetsereka. Msewu wa Gorodi wochokera ku Chitimba kukwera ku Livingstonia umaoneka waufupi pasikirini, koma uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20 m'mbali mwa phompho. Kutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti mutanyamula matumba, mabuleki ali otha, pulogalamu singakuchenjezeni. N'chifukwa chake muyenera kulowa m'makonzedwe a pulogalamu yanu n'kuiuza mtundu wa njira imene mukufuna. Njira yaifupi kwambiri kawirikawiri ndiyo yoipitsitsa. Nthawi ya mvula iuzeni ipewe misewu yafumbi ngati ili ndi posankha potero. Inu a ku South Africa okwera njinga za 125cc kapena 150cc, iuzeni ipewe misewu ikuluikulu yothamanga monga N1 ndi N2, kumene magalimoto amaloledwa kufika makilomita 120 pa ola. Kanjinga kanu kali ndi bokosi kumbuyo sikangalimbane ndi mphepo ya mathiraki.

Ndipo mapu sadziwa mitima ya anthu. Mu 2023 alendo angapo ku Cape Town adachitidwa chipongwe, wina mpaka kuphedwa, atalowa m'dera la Nyanga pafupi ndi bwalo la ndege, ena mwa iwo akutsatira njira yachidule ya pafoni. Chakumapeto kwa chaka chomwecho Google idalengeza kuti isiya kulondolera anthu njira imeneyo. Ngati zidatengera imfa kuti njira imodzi ikonzedwe mumzinda waukulu chotero, musaganize kuti pali wina amene akukuyang'anirani tinjira ta ku Mtandire kapena ta ku Hillbrow usiku. Amene akudziwa ndi anzanu apasiteji ndi achimwene anu amene adafika kumeneko kale. Afunseni kuti ndi kuti kumene sapita dzuwa likalowa. Safunsa adadya phula. Munthu wosamudziwa akakutumizirani lokeshoni usiku, ikulitseni muone kuti ndi pati. Ngati ndi kumapeto kwa nyumba, kumanda kapena kuthengo, mukhoza kukana, ndipo musachite manyazi pokana. Mukavomera, gwiritsani ntchito GPS yomweyo kudziteteza: WhatsApp imalola kuti wina aziona pamene muli kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Tumizirani akazi anu, mbale wanu kapena wapampando wa siteji yanu.

Chinanso chimene chimandimvetsa chisoni ndi kuona mnyamata amene wagwira ntchito mumzinda kwa nthawi yaitali koma foni ikazima sadziwa kolowera. Chuma cha wakabaza ndi kudziwa njira: kumene kumathinana magalimoto nthawi yoweruka, kanjira kodutsa kuseri kwa msika, pamene pamaterera mvula ikagwa. Zimenezo zimalowa m'mutu pokhapokha maso akamayang'ana zizindikiro za m'njira, mapiri, matchalitchi, milatho. Ku Blantyre munthu wodziwa kumene kuli phiri la Soche, la Ndirande ndi la Michiru sasochera kwenikweni. Choncho njira imene mwadutsamo kangapo, zimitsani sikirini muyende ndi mutu wanu. Yatsani mukamapita kwachilendo.

Pa kagulidwe, dongosolo lake likhale ili. Ngati mulibe helimeti yabwino, yanu ndi ya wokwera, ngati mulibe laisensi, ngati matayala ndi osalala kapena buleki yakutsogolo sigwira, nkhani ya GPS idikire kaye, chifukwa kudziwa njira kulibe phindu panjinga yosatha kuima. Zimenezo zikakhala m'malo, gulani chogwirira cholimba ndi chaja yolumikizidwa bwino, kenaka foni yachiwiri. Pogula foni yakale, tulukani nayo panja, zimitsani data, tsegulani mapu muone ngati kadontho kakukupezani ndipo kakuyenda nanu mukamayenda. Mafoni ena okonzedwakonzedwa amaimba bwino koma GPS yake idafa. Onaninso ngati muli malo okwanira osungira mapu, ndiponso ngati batire silidafufume.

Mukamaliza kumanga zonse, musayambire pa kasitomala. Sankhani tsiku limene misewu ili phee, monga Lamulungu m'mawa, muyende nokha njira imene mumaidziwa bwino kwambiri, mawu a GPS ali m'khutu. Mudzaona pamene imachedwa kulankhula, pamene imakulozerani njira yoipa, ndi pamene mapu ali ndi mpata, ndipo mudzadziwa mlingo woikhulupirira. Mukapeza kuti msewu wa kwanu, mjigo kapena chipatala cha m'dera lanu mulibe m'mapu, musangodandaula. OpenStreetMap imalola munthu aliyense kulembetsa kwaulere n'kujambulamo zimene zikusowa, ndipo inu amene mumadutsa tinjira timeneti tsiku ndi tsiku ndinu oyenera kutijambula. Yambani ndi msewu wopita kuchipatala.